Pepala langa la statistics ndilitumize bwanji ku journal? Ndiunikireni

Moni akuluakulu nonse pagulu pano. Ndine mtsikana wa masters, mbali ya statistics, ndipo ndalemba pepala kuchokera m'kafukufuku wanga. Nkhani yake ndi ya data yomwe manambala ena akusowamo. Muli theorem imodzi, proof yake, ndi simulation yomwe ndinapanga mu pulogalamu ya R. A supavaiza analiwerenga n'kunena kuti likhoza kupita ku journal, koma panopa atanganidwa ndi mayeso, ndiye sindikufuna kumawagogodera tsiku ndi tsiku.

Ndinalemba mu Word, ndipo mnzanga akuti popanda LaTeX (pulogalamu yolembera masamu) palibe angaliyang'ane, kodi n'zoona? Ena akuti ndiliike kaye pa arXiv, webusaiti yoikapo mapepala asanatuluke mu journal, koma ine mantha, nanga wina akatola ganizo langali n'kuthamanga nalo? Komanso kwabwera imelo ya journal ina yonditchula kuti pulofesa, akuti ndikalipira pepala lituluka pasanathe milungu iwiri. Mtima ukundikokera kumeneko, sindibisa, chifukwa ndikufuna pofunsira PhD ndikhale ndi kenakake m'manja.

Yankho loyamba:
Imeloyo ifufuteni lero lomwe, achemwali. Ndani angatsimikize proof m'milungu iwiri? Wowunika pepala la masamu amayenda mzere ndi mzere, kawirikawiri osalipidwa, ali ndi makalasi akenso. Zimatenga miyezi, mwina kupitirira chaka. Amene akulonjeza milungu iwiriwo akufuna ndalama yanu basi. Choopsa n'chakuti likangotuluka kumeneko simungalitumizenso kwina, ndipo osankha ophunzira a PhD amawadziwa ma journal oterewa. Musanakhulupirire journal iliyonse, onani ngati mapepala ake amapezeka pa MathSciNet kapena zbMATH Open, mawebusaiti osunga mndandanda wa mapepala a masamu. Yachiwiriyi ndi yaulere.

Yankho lachiwiri:
Za kuberedwazo, arXiv ndi imene imakutetezani. Yakhalapo kuyambira 1991, anaiyambitsa Paul Ginsparg, ndipo pepala lililonse limalembedwa tsiku lomwe lalowa, dziko lonse likuona. Chosamala ndi china: mukaika, chaikidwa. Mukhoza kutumiza lokonzanso, koma loyambalo limakhalabe poyera. Ndiye a supavaiza avomereze kaye. Poti ndinu watsopano, mwina adzafuna kuti munthu amene amaika kale mapepala kumeneko akuvomerezeni. Werenganinso malamulo a journal imene mwasankha, chifukwa ena, monga JASA (Journal of the American Statistical Association), amabisa mayina a olemba kwa owunika.

Yankho lachitatu:
Mnzanuyo wakokomeza. Ma journal ambiri a statistics ya zaumoyo amalandira Word bwinobwino. Komabe pepala lokhala ndi theorem ine ndingalisamutse. Tsegulani Overleaf, webusaiti yolemberapo LaTeX, simufunika kuika pulogalamu pa kompyuta. Phindu lake mudzaliona owunika akadzati muonjezere lemma pakati: manambala onse a ma lemma ndi ma theorem amadzisintha okha. Ma journal a Institute of Mathematical Statistics ali ndi template yawo ya imsart, a American Mathematical Society ali ndi amsart. Koma musathere mwezi mukukongoletsa masamba.

Yankho lachinayi:
Ine ndimawunika mapepala a mbali imeneyi, ndiye mundilole nditalikitse pang'ono, mwana wanga. Word kapena LaTeX sindizo zimagwetsa pepala. Chimene chimanditopetsa n'kufika tsamba lachisanu ndisanadziwe chomwe wolemba wapeza. Pamasamba awiri oyamba nenani mosapita m'mbali kuti funso ndi ili, anzathu anafika apa, chatsopano changa ndi ichi. Mkonzi amatha kubweza pepala asanalipereke n'komwe kwa owunika ngati sakuchiona chatsopanocho.

Poti mwati nkhani ndi data yosowa, funso langa loyamba lidzakhala lakuti manambalawo akusowa chifukwa chiyani. Donald Rubin anaika maziko a nkhaniyi m'pepala lake la 1976 mu Biometrika. Ngati theorem yanu ikudalira kuti kusowako ndi missing at random (kutanthauza kuti kumadalira zimene zilipo kale mu data, osati manambala osowawo), lembani zimenezo pamwamba pa theorem, osazikwirira m'kati mwa proof. Mfundo iliyonse yomwe mwaitenga ngati yoona ikhale ndi nambala yake, ndipo mu proof muzisonyeza pamene mwaigwiritsa ntchito. Kenako sakani paliponse pamene munalemba kuti "n'zoonekeratu". Malo amenewo ndi amene ndimayamba kukumba, chifukwa zolakwa zimakonda kubisala pamene wolemba anaona ulesi kufotokoza.

Simulation nayonso. Musaonetse njira yanu yokha ikupambana. Iyerekezeni ndi zomwe anthu akugwiritsa kale ntchito, monga multiple imputation (kudzaza malo osowawo kangapo) ya mu mice, package ya R. Nenani kuti munabwereza kangati, onetsani bias, onetsaninso ngati interval ya 95% ikugwiradi nambala yeniyeni pafupifupi ka 95 pa 100 paliponse. Ndipo ikanipo tebulo la pamene njira yanu ikufooka, mwachitsanzo sample ikachepa. Wolemba wosonyeza yekha pofooka ndimamukhulupirira msanga. Mu code muike set.seed kuti zotsatira zizituluka zofanana nthawi zonse, muisunge pa GitHub, ndipo webusaiti ya Zenodo ikhoza kuipatsa DOI, nambala yosasintha yoipezera pa intaneti. Mupatseni mnzanu uja aiyendetse pa kompyuta yake. Matebulo akatuluka osiyana ndi anu, musatumize.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri a dokotala, ndakopera zonse. Nanga poti kudikira n'kwakutali chonchi, sindingatumize ku ma journal awiri nthawi imodzi, amene ayambe kuyankha ndi yemweyo? Ndipo dzina la a supavaiza likhale poyamba?

Yankho lachisanu:
Ayi ndithu, kuwiri ayi. Potumiza mumavomereza kuti pepalalo silikuwunikidwa kwina. Komanso akatswiri a nkhani imodzi ndi ochepa, mapepala onse awiri akhoza kugwera pa desiki ya munthu mmodzi. Kuthamanga sikufika. Akakana, konzani zomwe anena, ndiye mupite kwina. Za mayina, m'masamu enieni amatsata alifabeti, pomwe mu statistics nthawi zambiri amene wagwira ntchito yaikulu ndiye amayamba. Izi sizoti tikugamulireni ife. Ngakhale atanganidwe, apempheni mphindi zochepa, chifukwa aliyense wolembedwa pa pepala ayenera kuvomereza lisanapite.

Yankho lachisanu ndi chimodzi:
Kungoonjezera: ma journal ena adzakufunsani nambala ya MSC2020, mndandanda wogawa nthambi za masamu. Statistics ndi 62, ndipo data yosowa ili pa 62D10. Tsegulaninso ORCID, nambala yokuzindikiritsani monga wofufuza, ndi yaulere. Posankha journal yang'anani mapepala amene mwawatchula kwambiri m'pepala lanu kuti anatuluka kuti, muyambire pamenepo, osati pa dzina lotchuka. Za PhD musade nkhawa. Pa CV lembani kuti pepala latumizidwa, muikepo linki ya arXiv, osankhawo adziwerengera okha.

Wofunsa:
Chabwino, a supavaiza ndiwalembera mawa. Pakadali pano, alipo amene anasamutsapo ma equation ambiri kuchoka mu Word kupita ku LaTeX? Pulogalamu ya Pandoc imawatulutsa bwino, kapena ndingolembanso pamanja?