Dzanzi m'mbali mwa phazi bala la chikwanje litapola

Wa ku Ngabu: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi wodwala kuchipatala kuno, bambo wodula nzimbe ku Nchalo. Chikwanje chinawatema kumbuyo kwa mwendo wamanzere, chakunja, pamwamba pang'ono pa kakolo. Bala linasokedwa n'kupola, koma akudandaula dzanzi m'mbali mwa phazi mpaka chala chaching'ono. Shuga ali bwino. Kodi ndiganize za khate?

Sisitala wa ku Nsanje: Khate musalitaye, kuno likadalipo. Avule malaya poyera, muyang'ane zigamba zotuwa zosamva mukazikhudza ndi thonje, mupapasenso mtsempha wa kunja kwa bondo ndi wa kuseri kwa kakolo wamkati ngati watupa. Muwafunse za isoniazid, mankhwala a TB aja, ngakhale dzanzi lake limagwira mapazi onse awiri.

Wa mafupa ku Chikwawa: Achimwene, dera mwatchulalo ndi la mtsempha wa sural. Umatsika kumbuyo kwa katumba limodzi ndi mtsempha wa magazi wotchedwa small saphenous vein, n'kukhota kuseri kwa kakolo wakunja, pansi pa khungu penipeni, n'chifukwa chake chikwanje sichiuphonya. Ntchito yake ndi kumva basi, suyendetsa mnofu uliwonse. Aime pa zala, ayende ndi zidendene. Kenako agone chafufumimba mufinye katumba. Phazi likapanda kugwedezeka ndiye kuti Achilles, mtsempha wolumikiza katumba ku chidendene, nayo inaduka, mutitumizire mawa lomwe. Atsinzine, mulembe malire a dzanzi ndi bolopeni, mugogode pachipsera.

Wa ku Ngabu: Ndayesa zonse. Zigamba palibe, mphamvu zilipo, pansi pa phazi akumva. Koma nditagogoda pachipsera analumpha, akuti zawagwira ngati magetsi mpaka chala chija.

Wa mafupa ku Chikwawa: Ndi sural imeneyo, mwina pamene unadukapo pamera neuroma, kachotupa ka mtsempha. Alimbitseni mtima. Mtsempha umenewu madokotala amachita kuudula dala pa biopsy (kutenga kachidutswa kokapima) kapena pokalumikiza mtsempha wina, munthu n'kumayendabe bwinobwino, kungoti dzanzi likhoza kutsalira. Ngati kubaya kukuwasowetsa tulo, apatseni mankhwala a amitriptyline 25 mg usiku. Chipsera musachicheke. Ululu ukamakula, alembereni kalata ya ku chipatala cha Queens.

Sisitala wa ku Nsanje: Ine nkhawa yanga ili pa mchenga wa mu Okutobala ndi zitsa za nzimbe zowotcha. Mbali yosamvayo imapsa kapena kubayidwa mwini wake osadziwa, adzangoona mafinya. Kumunda jombo, osati patapata, ndipo madzulo aliwonse posamba aziliyang'ana phazilo, makamaka pakati pa zala. Ngati Chisena ndicho amamva bwino, afotokozereni m'Chisena momwemo, akazi awo alipo.

Wa ku Ngabu: Zikomo. Malire ndajambula m'buku lawo lachipatala, abweranso mwezi wamawa tidzafanizire.