Makina owotcherera a leza: angathetse kupindika kwa malata opyapyala?

Wamasinki:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ine ndimapanga masinki, matebulo ndi makabati a chitsulo chosachita dzimbiri, malata a milimita 1 kapena 1.5. Ndimawotcherera ndi TIG (moto wa magetsi wotchingidwa ndi mpweya wa argon, waya nkumathira ndi dzanja), koma kutentha kwandisowetsa mtendere. Mzere ukatalika, lata lonse limapindika, powotchererapo nkusanduka pachikasu ndi pabuluu, ndiye nthawi yambiri imathera pa galainda ndi kupolisha. Ndakhala ndikuona makina a leza (owotcherera ndi kuwala kwamphamvu) ogwira pamanja, aja a mawati 1500, munthu akungoyendetsa mfuti yake, mzere nkumatuluka woyera bwinobwino. Kodi ndi zoona kapena ndi zokometsera malonda? Amene munawagwirapo, ndiuzeni zoipa zake, zabwinozo ndamva kale.

Mmisiri wa mufakitale:
Achimwene, pa malata anuwo ndi zoona. Leza imaunjika mphamvu yonse pa kadontho kosakwana milimita imodzi, ndipo imayenda mofulumira, choncho chitsulo cha m'mbali sichipeza mpata wotentha. Mphamvu ikachuluka, chitsulo chimawira pakadonthopo nkubooka kadzenje kozama koma kowonda, ndipo kadzenjeko kamadzitseka kumbuyo pamene kuwala kukupita kutsogolo. Nchifukwa chake mzere umalowa mkati osati kufalikira m'mbali monga umachitira wa TIG.

Koma pali chimene ogulitsa sakonda kunena. Leza sikhululuka mpata. Ndi TIG, malata akasiyana pang'ono mumangothirapo waya nkutseka. Ndi leza, mukalumikiza malata m'mphepete popanda waya, mpata usapose pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a kuchindikala kwa latalo. Pa lata la milimita 1, ndiye kuti milimita 0.1 basi. Ukakula kuposa apo, kuwala kumangodutsa nkukaotcha tebulo. Makina ambiri tsopano amagwedeza kuwalako uku ndi uku kuti mzere utambasukeko, ndipo ena amakankha okha waya, zimene zimathandiza ndithu. Komabe ngati mumadula malata mokhotakhota, konzani kaye kadulidwe ndi zopanira zanu musanaganize za makina. Mpweya wotchinga powotcherera ku mpweya wa panja ufunikabe, argon kapena nitrogen.

Mayi wa chitetezo:
Bambo, musanagule ganizirani maso. Kuwala kwa makina amenewa kuli cha pa ma nanomita 1070 (muyezo wosonyeza mtundu wa kuwala), ndipo diso la munthu silikuona, ndiye simuphethira nkomwe. Kumadutsa mpaka kumbuyo kwa diso nkuotcha pamene pamationetsa zinthu, ndipo pakapsa sipachira. Chigoba chanu cha TIG sichinapangidwire kuwala kotere. Pamafunika magalasi olembedwa kuti amatchinga kuwala kwa mlingo umenewo, chigoba cha leza pamwamba pake, ndiponso chipinda chotsekedwa chomwe chitseko chikatseguka makina azime. Chitsulo chanu chonyezimiracho chimabweza kuwala, moti wovulala akhoza kukhala mnyamata amene akusesa kumbali.

Madala wa ndodo:
Ine zaka zanga zonse ndawotcherera ndi ndodo ndi MIG (makina a moto wa magetsi okankha okha waya), ndipo sindikuona leza ikutichotsa ntchito msanga. Pa zitsulo zochindikala, zadzimbiri, kapena panja pamphepo, kamfuti kameneko sikangakuthandizeni. Ngakhale opanga sitima zikuluzikulu za pamadzi, monga Meyer Werft ya ku Germany, amaphatikiza leza ndi MIG pa mzere umodzi: leza izilowa mozama, waya azitseka mpata. TIG yanuyo musaigulitse.

Wamasinki:
Zikomo nonse. Za masozo zandiopsa, sindinama. Funso lina: nthawi zina ndimalandira ntchito ya malata okutidwa ndi zinki, komanso timapaipi ta kopa. Makina omwewo angathe?

Mmisiri wa mufakitale:
Zinki ndi yovuta mukasanjikiza malata awiri. Imawira pa madigiri 907 a Celsius, pamene chitsulo chimasungunuka cha m'ma 1500. Ndiye chitsulo chisanasungunuke, zinki ya pakati yasanduka kale nthunzi, ndipo posowa potulukira imaphulikira mu mzere nkusiya timabowo. Opanga magalimoto amasiya dala kampata ka milimita 0.1 mpaka 0.2 pakati pa malatawo kuti nthunziyo ithawe. Utsi wakenso musaupume, ikani chokokera mpweya.

Kopa ndiye musayembekezere zambiri. Akakhala wozizira amabweza pafupifupi kuwala konse kwa makina otere, komanso amamwaza kutentha msanga, ndiye mzere umatuluka pena wagwira pena ayi, ndipo kuwala kobwererako kungawononge magalasi a mfuti. Nchifukwa chake ena opanga mabatire ndi mamota a magalimoto amagetsi amagwiritsa ntchito leza yobiriwira kapena yabuluu, imene kopa amaimwa bwino. Timapaipi tanuto pitirizani kulumikiza ndi moto wa gasi. Ndipo musanapereke ndalama, tengani zidutswa za malata anu enieni, wogulitsayo awotcherere inu mukuona, kenako muzipinde pa vayisi muone ngati zing'ambike.