Makande atiphulikira pamtaya, leachate yatulukanso

Wa zaukhondo kukhonsolo: Akuluakulu ndithandizeni nzeru. Mbali ya mtaya yomwe tinatseka kontilakita anathirapo makande a kudambo pafupifupi 50 cm nkupondetsa rola, zinkaoneka bwinobwino, koma October atangotentha dothi lonse lang'ambika, ming'alu yoti dzanja limalowa mpaka pachigongono. Mvula yoyamba madzi angolowera mommo, pano kumunsi kukutuluka leachate (madzi odutsa m'zinyalala) yakuda bii yonunkha ikulowera kukhwawa komwe amayi amachapa. Bajeti ya pulasitiki ya HDPE yokutira pamtaya kulibe musandifunse.

Mayi wa labu ya dothi: Makande ndi choncho achimwene, akanyowa amafufuma akauma amaphulika, sungawasiye pamtunda dzuwa likuwawomba. Katondo amapirirako. Dongo liikidwe pang'onopang'ono, 15 cm nkuponda, 15 cm nkuponda, lili lonyowa poti ukalipota m'manja likupanga kachingwe osaduka. Kenako likwiriridwe ndi dothi lina lisaone dzuwa.

Injiniya wa misewu: Ine ndingawonjezere leya ya miyala. Pansi kwale kapena mchenga wokhakhala, pamwamba pake dothi losalala lambiri ndithu. Madzi amakakamira m'timipata ting'onoting'ono ta dothi losalalalo, safuna kudumphira m'mipata ikuluikulu ya miyala mpaka dothilo litakhuta, ndiye ngati pali silopu amayenda cham'mbali kukagwera mudreni, otsalawo dzuwa ndi udzu zimamwa. Azungu amati capillary barrier. Koma pakati pa awiriwa pakhale geotextile, nsalu yolola madzi kudutsa koma yotchinga dothi, apo ayi dothi lidzasefekera m'miyala basi ntchito yonse yagwa.

Mayi wa labu ya dothi: Bwana injiniya zimenezo zimayenda bwino kumalo ouma, kuno mvumbi wa January ukagwa sabata yonse dothi lapamwambalo limakhuta madzi nkubooleza. Mwaiwala Freddy 2023? Miyalayo ikhale ngati dreni PAMWAMBA pa dongo, obooleza apeze dongo liwakanize. Zonse ziwiri, osati kusankha chimodzi.

Injiniya wa misewu: Apo ndavomera mayi. Ndiye kuchoka pansi: dongo, miyala, geotextile, dothi losalala, dothi lachonde la udzu.

Woyendetsa dozer: Mabwana mukukamba za maleya koma zinyalala pansipo zimatitimira chaka ndi chaka, pomwe panali fulati mawa lake pali chithaphwi. Pamwamba musapange tebulo, pakhale kamsana madzi azitsetsereka mbali zonse, m'mbalimo silopu ya 1 pa 3, kutsika mita imodzi pa mamita atatu aliwonse, kupitirira apo dozer imaterereka komanso mvula imakokolola. Ndipo muike mapaipi otulutsira gasi, methane (gasi wochokera m'zinyalala zowola) ikasowa potulukira imapha udzu mumangoona zigamba zofiira, nthawi zina moto umayaka pansi osazima.

Wa zaukhondo kukhonsolo: Udzu ndiye ndimaganiza vetiva, alipo wambiri kwa alangizi.

Mayi wa labu ya dothi: Vetiva ayi pamwamba, mizu yake imatsika mamita awiri atatu idzakuboolerani dongo lomwelo. Mudzale m'mphepete mwa dreni kumunsi. Pamwamba kapinga, ndipo mitengo yongomera yokha muzizula ikadali ing'onoing'ono.

Wa zaukhondo kukhonsolo: Chabwino, pakadali pano tikumba ngalande kumtunda madzi a m'phiri asamafike pamtaya, leachate tiitchingire kadamu kaye. Mayi ndikutumizirani masampulo a katondo Lolemba, matumba angati?

Mayi wa labu ya dothi: Atatu, okumba malo osiyana, osatola pamwamba penipeni.