BP ili bwino, Hb ili bwino, nanga bwanji akuti ndi shock?

Wophunzira unamwino:
Akuluakulu, ndithandizeni. Usiku wathawu tinalandira mnyamata amene anagwa pa njinga yamoto. Mabala akunja anali aang'ono, koma ntchafu yakumanzere inali yotupa. BP inali 116/84, Hb (mlingo wa hemoglobini, imene imanyamula okosijeni m'magazi) inali 13, mtima ukugunda ka 124 pa mphindi. Adokotala atangomugwira m'manja, anati timuike makanyula (timachubu tolowetsa mumtsempha) awiri aakulu, titengenso magazi a crossmatch (okayeza kuti apeze magazi ogwirizana naye oti amuike). Ine ndimadziwa kuti shock ndi pamene BP yatsika. Iwowo anaona chiyani?

Namwino wa ku casualty:
Achemwali, BP imachedwa kulankhula. Shock ndi pamene ziwalo sizikulandira magazi ndi okosijeni wokwanira, kaya BP yatsika kaya ayi. Munthu wa makilo 70 amakhala ndi magazi pafupifupi malita 5. Akataya mamililita 750 mpaka 1,500, thupi limafinya mitsempha ya pakhungu, m'matumbo ndi m'impso, mtima n'kufulumira, kuti ubongo usasowe magazi. N'chifukwa chake manja amazizira, thukuta lili kamukamu, kupuma kofulumira, mkodzo wochepa, munthu osakhazikika n'kumangopempha madzi. Kawirikawiri BP imayamba kutsika magazi otayika akafika pa 30 peresenti, ndipo achinyamata ndi ana amaigwiriza nthawi yaitali, kenako n'kugwa kamodzin'kamodzi.

Gawani 124, kugunda kwa mtima kuja, ndi 116, nambala yapamwamba ya BP, mupeza kuti yadutsa 1. Kwa munthu wabwinobwino zimakhala 0.5 mpaka 0.7. Nanga ntchafuyo? Fupa la ntchafu likathyoka, lita imodzi kapena imodzi ndi theka imatha kuthera m'katimo, pansi popanda dontho. Musaiwale pachifuwa, m'mimba ndi m'chiuno. Kapamba akang'ambika sachita phokoso.

Wa ku labu:
Hb 13 yo isakupusitseni. Munthu akamakha magazi, madzi ndi maselo ofiira zimatuluka limodzi, ndiye otsalawo amaonekabe okhathamira. Hb imadzatsika pakapita maola, kapena mukamuthira dripu. Tumizaninso sampulo ina, chonde mulembe nthawi yake.

Dokotala wa maopaleshoni:
Ndiwonjezere za dripuyo, chifukwa ndi pamene timasemphana kwambiri. Saline, madzi amchere a mudripu aja, sanyamula okosijeni, ndipo akachuluka amasungunula zinthu zoundanitsa magazi. Akakhala wozizira amazizitsanso wodwala, pomwe magazi a munthu wozizidwa saundana bwino. Ndiye kuthira botolo pa botolo kuti nambala ya BP ikongole, ine sindigwirizana nazo, kupatula ngati wavulalanso m'mutu, pamene BP yotsika imawononga ubongo. Choyamba ndi kutseka pamene pakukha: kupsinja pabala, kumanga mwendo kumtunda kwa bala ngati magazi akuchita kutumphuka, kuwongola ndi kuchirikiza fupa, kumanga chiuno. Kenako magazi msanga, bulangete, ndi tranexamic acid, mankhwala othandiza kuchepetsa kukha kwa magazi. Kafukufuku wa CRASH-2 wa mu 2010, wa odwala oposa 20,000, anasonyeza kuti mankhwalawa amachepetsa imfa, koma aperekedwe maola 3 asanathe chivulalireni.

Namwino wa ku casualty:
Chenjeraninso ndi agogo amene amamwa mankhwala a BP ndi mtima monga atenolol kapena propranolol. Mtima wawo sufulumira ngakhale akutha magazi, ndipo BP ya 110 kwa munthu wozolowera 170 ndi yotsika kale. Afunseni owaperekeza kuti amamwa mankhwala anji.