Njanji ilipo, nanga sitima ya anthu ikulephereranji kubwerera?

Mbewe:
Ndili ndi funso limene landizunguza mutu kwa nthawi yaitali. M'madera ambiri akumidzi kumene kale kunkadutsa sitima yonyamula anthu pa maulendo ataliatali, njanji ikadalipo, ndipo kwina sitima zakatundu zimayendabe panjanji yomweyo. Ngati zitsulo zili m'malo mwake, chimavuta n'chiyani kuti alumikize mabogi angapo a anthu n'kuyambiranso maulendo? Kodi vuto ndi ndalama zokha, kapena pali zina zimene ife okwera sitiziona?

Nachisale:
A Mbewe, njanji yokwanira kunyamula katundu sikuti ndi yokwaniranso kunyamula anthu. Malasha ndi simenti sizidandaula sitima ikamayenda makilomita 25 pa ola, koma munthu amene akuona basi ikumupitirira pamsewu wa m'mbali mwa njanji sadzagulanso tikiti. Kuti liwiro likwere, pamafunika kusintha mitanda yowola imene zitsulo zimagonapo, kuthira miyala yatsopano, kulimbitsa milatho komanso kuteteza malo onse amene msewu umadutsana ndi njanji.

Chimene anthu ambiri sachiganizira n'chakuti njanji zakumidzi kawirikawiri zimakhala za mzere umodzi, motero sitima ziwiri zimadutsana pokhapokha zikafika pamalo opatukirapo. Sitima yakatundu ikatalika kuposa malo opatukirawo, imene imakakamizika kuima n'kudikira ndi ya anthu. Ku America, kumene Amtrak, kampani ya sitima zonyamula anthu, imayendetsa maulendo ake ambiri ataliatali panjanji za makampani akatundu, lamulo limati sitima ya anthu izipatsidwa mpata woyamba, komabe madandaulo oti imachedwa podikira zakatundu sanathe mpaka lero.

Gondwe:
Ndikugwirizana nanu, mayi Nachisale, koma kwa ine nkhani yaikulu ndi ya amene adzalipire chaka ndi chaka. Ndalama zokonzera njanji zimatuluka kamodzi, ndipo atsogoleri amakondwera nazo chifukwa pamakhala mwambo wotsegulira. Zovuta kupeza ndi za mafuta, malipiro a antchito ndi zokonzetsera mabogi, poti kudera kumene anthu amakhala motalikirana ndalama za matikiti sizikwanira, ndipo boma liyenera kuvomereza kuti lizionjezerapo mpaka kalekale, monga momwe limachitira ndi misewu.

Ku Scotland njanji ya Waverley, imene inkachokera ku Edinburgh kukafika ku Carlisle ku England, inatsekedwa mu 1969, ndipo panapita zaka 46 kuti mu 2015 atsegulenso chigawo cha pafupifupi makilomita 48 kuchokera m'mphepete mwa mzinda wa Edinburgh kukafika ku Tweedbank. Chigawo chotsala chopita ku Carlisle sichinamangidwenso. Kumwera kwa dera la Montana ku America, sitima ya anthu yotchedwa North Coast Hiawatha inasiya kuyenda mu 1979, ndipo ngakhale maboma aang'ono a kuderalo anagwirizana mu 2020 n'kukhazikitsa bungwe la Big Sky Passenger Rail Authority lofuna kubwezeretsa sitima ya anthu, mizinda ya Billings, Bozeman ndi Missoula ikadalibe sitima ya anthu, pamene zakatundu zikudutsa tsiku ndi tsiku.

Mbewe:
Zikomo nonse. Ndiye kuti ndalama zikapezeka ndipo njanji ikakonzedwa, okwera amangobwera okha?

Nachisale:
Ayi, bambo, ndipo apa ndi pamene mapulani ambiri amaphonya. Ndondomeko ya nthawi ya sitima yoyenda mtunda wautali imakonzedwa poganizira mizinda ikuluikulu ya kumapeto kwa ulendo, kotero kuti masiteshoni apakati, amene ndi akumidzi, amaiona sitimayo pakati pa usiku. Munthu wokalamba amene akupita kuchipatala chachikulu, yemwe ndiye amatchulidwa kwambiri popempha kuti sitima ibwerere, sangaime pasiteshoni yopanda magetsi 2 koloko ya usiku, makamaka ngati palibe galimoto yomufikitsa pamenepo kuchokera kwawo. Kuchuluka kwa maulendo nakonso n'kofunika. Sitima za Amtrak za Cardinal ndi Sunset Limited zimayenda katatu kokha pa sabata, zimene zikutanthauza kuti wopita kukachita za tsiku limodzi angafunike kugona masiku awiri kudikira yobwererera. Ine ndisanafunse za mabogi atsopano, ndingayambe ndafunsa kuti sitimayo izifika nthawi yanji pasiteshoni yaing'ono kwambiri ya panjirayo, komanso masiku angati pa sabata.