Chipinda cha achinyamata chatha, tiikemo ma PlayStation kapena makompyuta?

Wapampando: Muli bwanji nonse abale ndi alongo, a kuno kumudzi ndi inu muli ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Joni. Chipinda chathu chija chatha, malata takhoma, zitseko ndi mawindo zalowa, kwatsala penti basi. Ndalama yotsala mthumba si yambiri ndiye tiganize bwino. Maganizo alipo awiri, ena akuti tigule ma PlayStation ana azilipira pang'ono tizipeza ya magetsi ndi ya mlonda, ena akuti makompyuta. Lankhulani pano kuti Loweruka tikangomanga mfundo.

Malume a ku Joni: Zikomo a wapampando. Ine maganizo anga ndi omwe aja, ma PlayStation 4 (PS4) okhaokha. Kuno ogwiritsidwa kale ntchito ali mbwee chifukwa anthu anasamukira ku PS5, ndipo nditha kutumiza pa basi limodzi ndi katundu wina. Ndinabwera pa Eid ndinaona ndekha kumsika kwa pa boma, kachipinda kamodzi ka malata, TV imodzi, ana ali pamzere mpaka panja ena atakwera pa zidina kusuzumira pawindo kuti aone mpira wa anzawo. Ndalama imeneyo ikupita kwa munthu mmodzi pomwe ikanatha kumalipira mlonda wathu. Komanso ndinamva kuti PlayStation ili ndi mphamvu ya zithunzi kuposa kompyuta, nde tigulirenji chofooka?

Aphunzitsi: Malume ndi ulemu wonse, ine ndikukana. Chaka chatha ndinayang'anira mtsikana wina wa Form 3 amene anakhala koyamba pa kompyuta ya ku ofesi kwathu. Anagwira mouse ndi manja awiri ngati akugwira mbale ya ndiwo yotentha, akaikankha kamuvi kakathawira pakona iye kumanyamula mouse yonse m'mwamba kuti kabwerere. Mwana wanzeru zedi mkalasi, koma akapita ku koleji azikapikisana ndi ana a mtauni amene anayamba kutaipa ali ku pulayimale. Chipindachi tinamangira ana ngati ameneyu. Pa PlayStation simungalembe kalata yofunsira ntchito.

Mayi msungichuma: Aphunzitsi ndikukumvani koma ine amene ndimasunga buku ndikuuzeni, zopereka za pamwezi zimavuta kutolera. Miyezi ya usipa anthu amatumiza, ikafika nthawi yomwe nyanja yatsekedwa foni yanga imangokhala zii. Chipinda chopanda kolowera ndalama chidzatsekedwa chisanathe chaka. Ndiye funso la malume lisatayidwe.

Mlongo wa ku Lilongwe: Ndiloleni ndiyankhe za mphamvuzo chifukwa ndi ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku, pepani ndilemba zambiri. Malume zomwe munamvazo zili ndi choonadi chake koma ndi theka. Console, kutanthauza makina osewerera magemu ngati PlayStation kapena Xbox, imakhala yamphamvu tsiku lomwe yatuluka ukayerekeza ndi mtengo wake, kenako imakhala chomwecho zaka 6 kapena 7 osasintha, pomwe ku makompyuta ma graphics card atsopano, zida zimene zimapanga zithunzi pa screen, amatuluka pafupifupi zaka ziwiri zilizonse. Kalelo zinalidi choncho kuti console imatsogola. Xbox 360 itatuluka mu 2005 inali ndi chip ya zithunzi ya kampani ya ATI ya kapangidwe kamene makompyuta anali asanakhale nako. Koma onani zomwe zinachitika chaka chotsatira. PS3 inatuluka mu November 2006 ndi chip ya kampani ya Nvidia yochokera ku banja la ma card a GeForce 7800, ndipo mwezi womwewo Nvidia yemweyo anatulutsa GeForce 8800 GTX ya pa kompyuta imene inaisiya PS3 kutali. Kuyambira pamenepo palibenso console imene inatuluka ili patsogolo pa kompyuta yapamwamba ya nthawi yake.

PS4 imene mukunenayo ndi ya November 2013. Mkati mwake muli zida za kampani ya AMD, mphamvu ya zithunzi ndi ma teraflop 1.84, memory 8GB. Teraflop ndi muyeso wa kuchuluka kwa masamu amene chip imawerengera pa sekondi imodzi, chifukwa chithunzi chilichonse mukuona pa screen, udzu wa pa bwalo, mthunzi wa osewera, thukuta, zonsezo ndi masamu. Ngakhale mu 2013 momwemo mphamvu imeneyo inali ya card yapakatikati, pakati pa Radeon HD 7850 ndi 7870, osati yapamwamba ayi. Chomwe chinakopa anthu ndi mtengo, madola 399 bokosi lonse. PS5 ya 2020 ili ndi ma teraflop 10.28 ndipo Xbox Series X ili ndi 12, koma card ya pa kompyuta ya RTX 3080 imene inatuluka miyezi iwiri PS5 isanafike ili pafupi ndi 30. Kungoti card yokhayo inali madola 699 pomwe PS5 yonse ndi controller yake inali 499.

Malume a ku Joni: Nde mphwanga wandithandiza iwe mwini. Ngati card yokha ikudula kuposa PlayStation yonse, ife osauka tikutsutsiranji?

Mlongo wa ku Lilongwe: Ayi malume dikirani, ife sitikupikisana ndi PS5, palibe amene ali ndi ndalama ya PS5 pano. Tikuyerekeza ndi PS4 ya zaka zoposa 10. Card yaing'ono ngati GTX 1050 Ti ya 2016 kapena GTX 1650 ya 2019 imaiposa kale PS4 yoyamba ija, ndipo zonse ziwiri zimadya ma watt 75 okha, zambiri sizifuna chingwe china cha magetsi, umangoilowetsa pa board. Ndiye ukatenga desktop yakale ya mu ofesi, zija za Dell kapena HP zimene zimabwera zambiri zakaunjika, nkuikamo card yotereyi, wapeza makina amene masana mwana akuphunzira Word ndi Excel, madzulo walumikiza ma controller awiri akumenya mpira. Ndionjezere kuti manambala a teraflop aja musawatenge ngati sikelo ya pa msika, chip ya AMD ndi ya Nvidia kapena ya chaka china ndi china sizifanana kagwiridwe ngakhale nambala ili yofanana. Komanso console ili ndi mwayi wake weniweni, opanga magemu amadziwa kuti makina onse ndi ofanana ndiye amaifinya mpaka dontho lomaliza, nchifukwa chake PS4 imaonetsabe zithunzi zokongola kuposa mmene manambala ake akunenera. Zimenezo sindikubisa.

Wokonza mafoni pa msika: Akuluakulu ndilowepo pang'ono, ineyo ndi amene ndimatsegula zinthuzi zikafa. Mwezi watha anandibweretsera PS4 imene imangozima ikatha mphindi 20, fan ikulira ngati injini ya boti. Nditatsegula ndinapeza fumbi litagwirana ngati thonje pa zitsulo zoziziritsira, mphemvu zakufa mbali ya power supply, ndipo phala lija limene limakhala pakati pa chip ndi chitsulo litauma gwa ngati dothi la mu October. Ndinapukuta, ndinapaka thermal paste watsopano, inadzuka. Koma ina ya mnyamata wina chip yeniyeniyo inapsa ndipo pamenepo palibe chochita, chifukwa mu PlayStation processor ndi graphics zili mu chip imodzi yowotcherera pa board, ikafa bokosi lonse lafa. Pa desktop card ikapsa ndimazula ndikuika ina, RAM ikafa ndimasintha, ngakhale card itasowa makina amagwirabe ntchito yotaipa. Kutentha kwa kuno mukukudziwa, chipinda cha malata masana mu November si masewera, ndiye chilichonse mungagule muganizire ceiling ndi mpweya.

Bambo a ku Malindi: Ine za ma chip sindikuzidziwa, ndine munthu wa pa nyanja. Nkhawa yanga ndi ana kuthawa sukulu ndi madrasa. Panopa tikulimbana kale ndi anyamata amene akusiya kalasi kukakoka nawo makoka kuti apeze ya vidiyo sho. Ife tomwe makolo tiwatsegulire malo ena othawirako?

Aphunzitsi: Bambo mwanena zomwe zinali pamtima panga.

Mnyamata wa Form 4: Pepani makolo ndilankhule nawo ngakhale ndine mwana pano. Anzanga ambiri sangabwere kuchipindako mukangoti kuli maphunziro a kompyuta, aziona ngati ndi kalasi ina. Koma mukati kuli gemu abwera onse, ndipo akabwera ndi pomwe ena adzafune kudziwa zina. Ine ndinaphunzira kutaipa chifukwa ndinkafuna kusaka mmene ndingadutsire level ina pa foni ya achimwene anga. Musatichotsere gemu chonde, ingoikani malamulo.

Mayi msungichuma: Mwana wanga walankhula bwino. Mlongo wa ku Lilongwe tiuzeni za magetsi, paja kuno amazima nthawi iliyonse ndipo tinkakamba za solar.

Mlongo wa ku Lilongwe: Anti pamenepo nde pofunika kusamala. Makina amphamvu amadya moto. RTX 3080 ndatchula ija payokha imafuna ma watt 320, PS5 ikamasewera imadya pafupifupi 200, izi pa solar yathu yaing'ono sizingatheke. PS4 Slim imadya pang'ono kuposa PS4 yoyamba, ndiye malume ngati mungagule ndi Slim osati yaikulu ija. Desktop ya mu ofesi yokhala ndi card ya ma watt 75 ikamasewera gemu imadya koposa Slim, izi ndivomere, koma ikamangotaipa imadya zochepa kwambiri chifukwa card imakhala ikupuma. Chimene chimapha makina onsewa si kuzima kwa magetsi kokha koma kubwera kwake mwadzidzidzi, ndiye pa bajeti pasasowe ma surge protector oteteza makina magetsi akabwera mwamphamvu, ndi UPS, batire yosunga moto magetsi akazima, ngakhale imodzi. Chinanso a wapampando, amene akagule ma desktop asangotola iliyonse yotchipa. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 mu October 2025, ndipo Windows 11 imafuna processor ya Intel ya 8th generation kupita mtsogolo, ndiye muyang'ane nambala, ikhale ngati i5-8500 osati i5 ya 3rd kapena 4th generation imene ogulitsa amakonda kukankhira anthu osadziwa. Ma desktop ambiri a mu ofesi ndi opyapyala, ndiye card yake ikhale yaifupi, ya low profile, apo ayi siilowa mu bokosi.

Malume a ku Joni: Nanga PlayStation yomweyo sitingaikemo keyboard ana nkumataipa? Ili ndi ma USB kutsogolo.

Mlongo wa ku Lilongwe: Keyboard imalowa malume koma mapulogalamu olembera mulibe ndipo Sony salola kuikamo. PS3 zoyamba zinkalola munthu kuikamo Linux, pulogalamu yoyendetsa makina ngati Windows, nkuigwiritsa ngati kompyuta, koma mu 2010 Sony anachotsa mwayi umenewo kudzera mu update, ndipo sunabwererenso. Bokosi lija ukagula umachita zomwe mwini wake walola basi.

Wokonza mafoni pa msika: Koma tisaiwale ubwino wake wa PS, mwana aliyense amayatsa yekha, palibe virus, palibe woti wafufuta mafayilo a mnzake. Pa kompyuta ana akamabwera ndi ma flash a nyimbo mudzandiitana sabata iliyonse. Ngati mwasankha ma desktop mundipatse ine password ya admin, ana azilowa pa account yawo yopanda mphamvu yoika zinthu. Ma controller nawo amatha msanga, ma analog amayamba kuyenda okha, ndiye pa ndalama yolowa muzipatula ya zimenezo.

Malume a ku Joni: Chabwino ndamva. Mtima wanga unali pa ma PS4 anayi koma ndikuona kuti mtsikana wa aphunzitsi uja ndinamuiwala. Ndiye ndipereke ganizo ili, PS4 Slim imodzi ndigula ndekha ndi ndalama yanga ngati mphatso, isakhudze thumba la gulu, ikhale yokopera ana ndi kubweretsa ya mlonda. Ndalama ya gulu ipite ku ma desktop.

Aphunzitsi: Malume Mulungu akudalitseni. Ine ndivomera pokhapokha gemu iziyatsidwa sukulu ikaweruka, ndipo mwana wovala yunifolomu nthawi ya kalasi asalowe. Atsikana akhale ndi masiku awo pa makompyuta chifukwa tikangosiya chitseko chotsegula anyamata adzadzaza mipando yonse. Ndidzipereka Lachiwiri ndi Lachinayi madzulo kuphunzitsa kwaulere.

Bambo a ku Malindi: Lachisanu masana chitsekedwe mpaka anthu atuluke ku mzikiti, Lamulungu m'mawanso chimodzimodzi kwa anzathu a kutchalitchi. Zikatero ine ndilibe mawu.

Mayi msungichuma: Ndalama ilipoyi ikhoza kukwana ma desktop angati ndi ma card ake? Sindikufuna tilonjeze asanu tikagule awiri.

Mlongo wa ku Lilongwe: Anti ndipatseni mpaka Lachinayi ndizungulire ma shop kuno ndi kufunsa anzanga a ku Limbe. Maganizo anga ndi akuti card tiike mu makina awiri okha, enawo akhale otaipira basi, tidzawonjezera ma card ndalama ikamalowa. Ndili ndi desktop yanga yakale yokhala ndi 1050 Ti, ndiitumiza pa minibus Lachisanu kuti Loweruka muione ndi maso anu isanagulidwe ina iliyonse. Achimwene okonza mafoni mukailandire pa depoti.

Wokonza mafoni pa msika: Ndikailandira asisi. Ndibwerekanso PS4 ya kasitomala wanga uja tidzaziike pa TV imodzi, gemu yomweyo, ana adzaweruze okha.

Wapampando: Zikomo nonse. Loweruka 2 koloko kuchipinda komweko, amene muli kutali tidzakuimbirani pa video call. Amene simunapereke ya mwezi uno tumizani kwa mayi msungichuma lisanafike Lachinayi kuti mlongo wathu adziwe ndalama yeniyeni imene akuyenda nayo m'ma shop. Wina abwere ndi extension yaitali, socket ili kukhoma la kumbuyo.