Kodi amayi a riboni yoyera anapirira bwanji zaka zonsezi polimbana ndi mowa?

Mlembi wa Amayi:

Moni kwa nonse. Ine ndine mlembi wa gulu la amayi pa mpingo wina wakumudzi, ndipo ndabwera ndi funso limene landisowetsa mtendere. Chaka chatha, titaika m'manda mnyamata wina amene anamalizika ndi kachasu, amayi tinapangana kuti Lachinayi lililonse tikaweruka ku mapemphero tiziyendera mabanja amene mowa wawasautsa, ndiponso tizikacheza ndi amene amatcheza kachasuyo. Mwezi woyamba tinkanyamuka amayi oposa 30, nyimbo ili pakamwa. Pofika mwezi wachisanu tinatsala anayi, ndipo mapaipi amene anazimitsidwa pa nthawi ya maliro anayambanso kudontha.

Ndinamva kuti ku America kuli bungwe la amayi achikhristu lotchedwa Woman's Christian Temperance Union, limene linayamba mu 1874 ndipo likadalipo mpaka lero. Ndikupempha amene mukuidziwa bwino mbiri yake kuti mundifotokozere chimene chinawathandiza kuti asafooke, pakuti ife tafooka chaka chisanathe n'komwe.

Mphunzitsi Wopuma:

Zikomo mayi chifukwa cha funso lanu. Choyamba ndikulimbitseni mtima kuti zimene zakuchitikiraniyi zinawachitikiranso amayi amenewo, ndipo bungwe limene mukulinenali linabadwa chifukwa cha kuzilala komweko.

Nkhaniyi inayamba mu Disembala 1873, pamene dokotala wina woyendayenda kulankhula m'misonkhano, Dio Lewis, analimbikitsa amayi a ku Fredonia m'chigawo cha New York ndi a ku Hillsboro m'chigawo cha Ohio kuti akapemphere m'malo omwera mowa. Ku Hillsboro amayi anatsogozedwa ndi Eliza Thompson, ndipo atawerenga Salimo 146 anatuluka m'tchalitchi mwa ndawala kupita kumabala. Ankagwada pansi m'kati mwa bala, ndipo mwini wake akawatsekera chitseko ankagwada panja pa chisanu, kuimba ndi kupemphera mpaka munthuyo atalonjeza kusiya malondawo. M'miyezi yochepa mchitidwewu unafalikira m'matauni mazanamazana, migolo ya mowa inakhuthulidwa m'misewu, ndipo ku Cincinnati ndi ku Pittsburgh amayi ena anamangidwa. Koma unali moto wa mapesi, pakuti chaka cha 1874 chisanathe mabala ambiri anali atatsegulidwanso. Mwini bala ankadziwa kuti mayi sangagwade pakhomo pake chaka chathunthu pamene kunyumba kwasiyidwa ana.

Ataona zimenezi, amayiwo anakumana ku Cleveland mu Novembala 1874 n'kukhazikitsa bungwe lokhala ndi malamulo, maudindo, kaundula wa mamembala ndi chopereka cha pachaka, ndipo anasankha Annie Wittenmyer kukhala mtsogoleri woyamba. Membala aliyense ankasaina lonjezo loti sadzalawa chakumwa choledzeretsa, ankavala kariboni koyera pachifuwa, ndipo masana alionse dzuwa lili paliwombo ankaima pang'ono n'kupemphera kulikonse kumene ali. Zinthu zimenezi zikuoneka zazing'ono, koma ndi zimene zinkamukumbutsa mayi tsiku ndi tsiku kuti ali m'gulu, ngakhale pa sabata imene sipanachitike chodabwitsa chilichonse.

Kusintha kwakukulu kunabwera mu 1879, pamene Frances Willard, amene kale anali mphunzitsi ku Evanston pafupi ndi Chicago, anatenga utsogoleri umene anaugwira mpaka imfa yake mu 1898. Iye anaona kuti munthu samwa chifukwa cha uchimo wokha, koma kuti umphawi, ntchito yakalavula gaga, kusowa pocheza ndiponso malamulo opondereza mkazi zonse zimadyetsa uchidakwa. Motero analimbikitsa mfundo yoti bungwelo lichite chilichonse chimene chingatchinjirize banja, ndipo ntchito inagawidwa m'nthambi. Ena ankayendera akaidi ndi kulimbikira kuti akazi omangidwa azisungidwa ndi akazi anzawo, ena anatsegula sukulu za mkaka, ena anamanga mipopi ya madzi akumwa m'misewu ya m'matauni kuti mwamuna waludzu asakhale ndi chifukwa cholowera m'bala, ndipo ena anamenyera nkhondo kuti malamulo oteteza atsikana kwa amuna akuluakulu akhwimitsidwe. Pofika mu 1896, mwa nthambi 39 za bungwelo, 25 zinkagwira ntchito zosakhudza mowa mwachindunji. Mayi amene sakanatha kuima pamaso pa zidakwa ankapeza ntchito ina yomuyenera, ndipo gulu la m'tauni iliyonse linkasankha lokha nthambi zimene lingathe.

Nthambi imene ine monga mphunzitsi ndimaiona kuti inabala zipatso kwambiri ndi ya Mary Hunt, amene analimbikira kuti ana aziphunzitsidwa m'kalasi zimene mowa umachita m'thupi. Chigawo cha Vermont chinakhazikitsa lamulo lotero mu 1882, ndipo patatha zaka pafupifupi 20 zigawo zonse za dzikolo zinali nalo. Mabuku ena amene ankagwiritsa ntchito ankakokomeza zinthu mopyola choonadi, ndipo pamenepo analakwa, koma mfundo yoti m'mera mpoyamba anaimvetsa. Ana amene anaphunzira zimenezi, pamodzi ndi amene anakulira m'gulu la ana la Loyal Temperance Legion, ndiwo anali akuluakulu ovota pamene lamulo loletsa mowa linkakambidwa.

Mayi wa ku Johannesburg:

Aphunzitsi afotokoza bwino, ndipo ine ndingowonjezera kuti amayiwa analimbanso mtima chifukwa ankadziwa kuti sali okha. Mu 1884 anatumiza Mary Clement Leavitt kuti azungulire dziko lapansi, ndipo anayenda zaka zingapo akukhazikitsa nthambi ku Hawaii, New Zealand, Australia, Japan ndi m'maiko ena ambiri. Amayiwa analembanso chikalata chopempha maboma onse kuti athetse malonda a mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, chimene chinasainidwa m'zilankhulo zambiri, ndipo chinaperekedwa kwa Pulezidenti wa America, Grover Cleveland, mu 1895. Ku New Zealand, Kate Sheppard, amene ankatsogolera nthambi ya bungwe lomweli yoona za kuvota, ndiye anasonkhanitsa masaini amene anachititsa kuti mu 1893 dzikolo likhale loyamba kulola akazi kuvota pa chisankho cha aphungu. Amayi ambiri opemphera, amene poyamba ankaona ndale ngati zinthu zosawayenera, anavomera zovota atazindikira kuti ziphaso za mabala zimaperekedwa ndi anthu osankhidwa ndi amuna okhaokha.

Kuno ku South Africa bungweli linakhazikika mu 1889, ndipo chimake chinali ku Wellington, pa sukulu ya atsikana ya Huguenot imene m'busa Andrew Murray anaiyambitsa. Inu amene muli a Sinodi ya Nkhoma mukumbukira kuti chaka chomwecho mwana wa mbale wake, mmishonale A.C. Murray, anafika ku Mvera. Ndimakonda kukumbukira zimenezi chifukwa zimandionetsa kuti nkhaniyi si yakutali monga timaganizira.

Mayi mlembi, kodi pali gulu lina la amayi, ngakhale la mpingo wina, limene munagwirizana nalo? Amayi anayi amene akudziwa kuti kutsidya kwa mtsinje kuli anzawo anayi amapirira kuposa amayi 30 amene akudziona kuti ali okha.

Bambo wa ku Zomba:

Ndikuwalemekeza amayi amenewa, komabe ndikuona kuti tikamusimbira mayiyu zokoma zokhazokha tikhala titamunamiza, chifukwa mbiriyi ili ndi mbali ziwiri zowawa.

Yoyamba ndi ya lamulo loletsa mowa. Pogwirizana ndi bungwe lolimbana ndi mabala la Anti-Saloon League, limene linayamba ku Ohio mu 1893 ndipo linkadziwa kukakamiza andale, amayiwo anakwanitsa kusinthitsa malamulo aakulu a dziko la America, kotero kuti kuyambira mu Januwale 1920 kupanga, kugulitsa ndi kunyamula mowa kunakhala mlandu. Anthu anachepetsadi kumwa, makamaka m'zaka zoyambirira, ndipo imfa za matenda a chiwindi zinatsika. Koma walira mvula walira matope. Malonda a mowa anagwera m'manja mwa zigawenga monga Al Capone wa ku Chicago, apolisi ambiri analowa m'ziphuphu, ndipo anthu ochuluka anafa kapena kuchita khungu ndi mowa wapoizoni wogulitsidwa mobisa. Mu 1929 mayi wina, Pauline Sabin, anayambitsa bungwe la akazi lofuna kuti lamulolo lichotsedwe, ndipo mfundo yake inali yomwe ija yoteteza ana, ponena kuti malo omwera obisika safunsa zaka za munthu. Chuma chitagwa boma linafunanso msonkho wa mowa, ndipo pa 5 Disembala 1933 lamulolo linathetsedwa. Chiyambire nthawi imeneyo bungwe la amayi a riboni yoyera silinabwererenso pa mphamvu zake zakale. Ife tomwe taona zofanana nazo pang'ono: Zambia inaletsa mowa wa m'timapepala wotchedwa tujilijili mu 2012 ndipo Malawi inaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, koma mowa waukali wotchipa unangosamukira m'timabotolo.

Yachiwiri ndi ya tsankho. Ngakhale kuti amayi akuda monga Frances Harper anagwira ntchito yaikulu m'bungwelo, kum'mwera kwa dzikolo nthambi za akuda ndi za azungu zinali zosiyana. Mu 1890 Willard analankhula mawu onyoza anthu akuda a kum'mwerako pofuna kusangalatsa mamembala achizungu, ndipo mtolankhani Ida B. Wells, amene ankalimbana ndi mchitidwe wopha anthu akuda popanda kuwazenga mlandu, anamudzudzula poyera ku Britain mu 1894. Wells ananena zoona. Gulu limene likufuna kukula likhoza kuyamba kusankha anthu oti liwakhumudwitse ndi oti liwanyengerere, ndipo kawirikawiri okhumudwitsidwawo amakhala osauka.

Namwino:

Mawu omaliza a bambo a ku Zomba ndi amene ndikufuna kuwagwira, pakuti pali kusiyana kumodzi kumene sitiyenera kukulumpha. Amayi a ku Ohio ankalimbana ndi bala ya mwamuna, imene nthawi zambiri kumbuyo kwake kunali kampani yaikulu yofulula mowa, pa nthawi imene mkazi wokwatiwa analibe mphamvu zenizeni pa ndalama za m'banja. Kumudzi kwanu, mayi mlembi, wotcheza kachasu kawirikawiri ndi mkazi mnzanu, mwina wamasiye, amene sopo, mchere ndi fizi ya mwana wa ku sekondale zimachokera mu mtsuko womwewo. Mukamuimbira nyimbo pakhomo adzachita manyazi n'kuzimitsa moto sabata ziwiri, koma njala ikalowa adzaukolezanso, ndipo sindingamuweruze msanga. Ngati mutengapo kanthu pa njira ya Willard, tengani iyi yoti gulu lanu likhale ndi mbali yoona za chuma, kaya ndi banki m'khonde, kaya ndi dimba, kaya ndi mpamba wa geni ina, ndipo mayi wotchezayo alowemo ngati mnzanu osati ngati wolakwa wobwera kudzalapa.

Chinanso chimene ndimachiona ku ntchito n'chakuti munthu amene wamwa kwambiri tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri sayenera kusiyitsidwa mwadzidzidzi popanda thandizo la chipatala. Thupi lake likhoza kuyamba kunjenjemera, kukomoka ngati wakhunyu kapena kuona zinthu zimene palibe, ndipo ena amafa nazo. Mukapeza wotere amene wavomera kusiya, mupempherereni ndithu, koma mumuperekezenso kuchipatala. Musaiwalenso amayi oyembekezera, chifukwa mowa umadutsa kufika kwa mwana m'mimba ndipo ukhoza kumuwononga ubongo moyo wake wonse.

Mphunzitsi Wopuma:

Ndikuvomereza zimene bambo a ku Zomba anena za Wells, ndipo ndinayenera kuzitchula ndekha. Pa za lamulo ndingoti tisalitaye lonse, pakuti lamulo lochepa limene anthu akulimvetsa, monga la maola otsegulira bala kapena loletsa kugulitsa mowa kwa ana, limagwira ntchito ngati pali anthu olilondera, ndipo amayi a riboni yoyera anayamba ndi malamulo a m'matauni mwawo zaka zambiri asanafike pa la dziko lonse.

Mlembi wa Amayi:

Zikomo kwambiri nonse, makamaka anamwino, chifukwa mwandikhudza pamene pamapweteka. Mmodzi mwa amayi amene tinkawaimbira pakhomo ndi msuweni wanga, ndipo chiyambire tsiku limenelo sanapondenso kutchalitchi. Lachinayi likubwerali ndikapempha anzanga atatu aja kuti tiyambe ndi kaundula ndi chopereka chochepa cha pamwezi, tigawane kuti wina aziona za ana a Sande sukulu, wina za banki m'khonde, wina zolankhula ndi a mfumu pa nkhani ya maola ogulitsira, ndipo ndikalembera amayi a Dorika a mudzi woyandikana nawo monga mayi a ku Johannesburg anenera. Kwa msuweni wangayo ndipita ndekha mawa madzulo, osati ndi nyimbo, koma kukamufunsa kuti fizi ya mwana wake ya teremu ino yatsala zingati.